Chiphaso cha Mwamuna wa Jenala

Chisumbu cha Tilitokha chinali chaching'ono moti munthu woyenda bwino ankachizungulira chonse m'mawa umodzi n'kubwerera kwawo asanamve njala. Anthu ake anali zikwi zinayi, ndipo aliyense anali pa chibale ndi mnzake, kaya cha magazi, kaya cha ukwati, kaya cha mlandu. Kale chisumbuchi chinkalamulidwa ndi dziko la Kumtunda, lomwe nyumba zake zinkaoneka bwinobwino tsidya la madzi kukacha kopanda nkhungu. Pamene a Tilitokha anapempha ufulu wodzilamulira, a Kumtunda anangovomera tsiku lomwelo, zomwe zinakhumudwitsa ena amene anali atakonzekera kumangidwa. Asilikali, ndalama ndi nkhani za maiko akunja zinatsala m'manja mwa Kumtunda. A pachisumbu anapatsidwa mbendera, nyimbo ya fuko ndi chidindo chimodzi.

Mbendera inkauluka yokha. Nyimbo ankaiimba kawiri pa chaka. Choncho mphamvu zonse za boma zinathera pa chidindo.

Wolamulira anali Mfumu Ndilipano Wachiwiri, munthu wamfupi wokonda zolankhula zazitali. Nyumba ya Malamulo inali ndi aphungu khumi ndi mmodzi. Asanu ndi anayi mwa iwo anali nduna, awiri otsalawo anali otsutsa boma, ndipo chimene ankatsutsa makamaka chinali kusapatsidwa unduna.

Tsiku lina Nduna ya Zitseko, Olemekezeka a Mpiringidzo, anaimirira m'Nyumbamo ndi nkhope ya munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Amfumu, ndi inu aphungu anzanga, dziko lathu likulowedwa," anatero. "Chaka chatha kunabwera mlendo mmodzi kudzakhala kuno. Chaka chino abwera atatu. Akatswiri a ku unduna wanga apeza kuti tikapitiriza chonchi, pakutha zaka khumi ndi ziwiri chisumbu chathu chidzamira ndi kulemera."

Mfumu inasuzumira pansi pa mpando kuti ione ngati madzi ayamba kale kulowa. Dzuwa lisanapendeke, Lamulo la Alendo Okhalitsa linali litadindidwa. Lamuloli linati aliyense wa pachisumbu wofuna kubweretsa mwamuna kapena mkazi wakunja alembetse ngati Mwinimlendo, ndipo alonjeze kumudyetsa, kumusunga, ndi kuyankha mlandu wa chilichonse chimene mlendoyo angaswe, kuyambira kapu mpaka lamulo. Kufikira chiphaso chitatuluka, mlendo ankaloledwa kubwera Loweruka lokha ndi boti la m'mawa, kuima padoko kuseri kwa mzere wachikasu, n'kubwerera ndi boti la 3 koloko.

Nkhaniyi itafika pamsika wa Mwamvakale, womwe unali pamwamba pa doko penipeni, anaNasibeko ogulitsa anyezi sanasiye n'komwe kuunjika milu yawo.

"Atatu amenewo ndikuwadziwa," anatero. "Mmodzi ndi namwino. Wina ndi mphunzitsi wa masamu. Wachitatu anabwera m'bokosi kudzaikidwa kwa mkazi wake."

"Ameneyo ndiye wokhalitsa weniweni," anayankha wogula wina, n'kupempha basela.

Munthu mmodzi yekha pamsikapo sanaseke, ndipo anali Jenala Mkwapatira. Jenala ankaphika buledi ndi masikono mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba ya mayi ake, omwe anali atafa ziwalo mbali imodzi. Ufa ankakagula Kumtunda, ndipo kumeneko ndiko anakumana ndi Lapukeni Zingani, mmisiri wowotcherera zitsulo, amene anamukonzera malata ophikira buledi n'kukana kulandira malipiro katatu konse, mpaka Jenala anazindikira kuti vuto silinali mtengo. Anakwatirana kwa mwamunayo, anakhala sabata zitatu m'kachipinda kake ka lendi, kenaka Jenala anatsogola kuchisumbu kukakonza pakhomo. Lapukeni amayenera kutsatira Loweruka ndi makina ake owotcherera. Lamulo linadindidwa Lachinayi.

Lolemba Jenala anapita ku Ofesi ya Alendo Okhalitsa. Mtima wake unakhala pansi ataona kuti kalaliki wa pamenepo anali malume ake enieni, a Khumbanyiwa.

"Malume, mwadzuka bwanji?"

"Muno mulibe malume. Dzina lanu, mayi?"

Jenala anatchula dzina lake. A Khumbanyiwa analilemba mosamala, n'kufunsa kalembedwe kake.

"Muli ndi umboni woti ukwatiwo unachitika?"

"Inuyo munali nkhoswe. Munavina mpaka nsapato inakanuka."

"Anavinayo ndi Khumbanyiwa. Boma silinavine."

Anamupatsa mndandanda wa zofunika. Pankafunika nyumba ya chitseko chotsekeka, ndi bedi lokwana anthu awiri, loyezedwa ndi tepi ya boma. Pankafunika kalata ya dokotala yonena kuti mlendoyo alibe matenda a Kumtunda, yosainidwa ndi dokotala wa pachisumbu, yemwe naye anali wa Kumtunda. Mlendo ankayenera kukhoza mayeso a mbiri ya Tilitokha. Pomaliza, ndipo apa a Khumbanyiwa anagogoda pepala ndi cholembera, pankafunika umboni wa chikondi chenicheni: makalata ndi zithunzi, zonse zokhala ndi tsiku, zonse zodutsa mu ofesi.

Jenala sanali munthu wogonja. Chitseko chinapezeka kuti chikutsekeka. Bedi linaperewera zala ziwiri, ndipo analikhomerera thabwa. Mayeso Lapukeni anakhoza onse, popeza mbiri ya dzikolo inali masamba anayi, atatu mwa iwo zithunzi za mfumu. Chinatsala chinali chikondi.

Loweruka lililonse Lapukeni ankatsika boti atavala malaya ositidwa, n'kuima mbali yake ya mzere. Jenala ankaima mbali inayo. Wojambula wa padoko ankawajambula atagwirana manja pamwamba pa mzerewo, chifukwa lamulo silinanene kanthu za mlengalenga. Pakati pa sabata ankalemberana makalata awiriawiri, omwe a Khumbanyiwa ankatsegula, kuwerenga, kudinda, n'kusunga m'fayilo. Nthawi zina ankawapereka kwa mwini wake.

Mwana anabadwa m'mwezi wachisanu ndi chinayi, wamkazi, ndipo anamutcha Yankho chifukwa ndicho chimene aliyense pakhomopo ankadikira. Popeza anali mbadwa ya pachisumbu, Yankho anali ndi ufulu wodutsa mzere. Mayi ake ankamupereka kwa bambo ake ngati phukusi, ndipo nthawi ya boti ikakwana ankamulandiranso.

Zaka ziwiri zinatha chonchi. Fayilo inanenepa mpaka anaimanga ndi chingwe cha mbuzi. Jenala anaonda.

Tsiku lotulutsa chigamulo a Nduna Mpiringidzo anabwera okha ku ofesi, poti iyi inali fayilo yoyamba kufika kumapeto chiyambire lamulo. Anthu awiri ena amene anayamba pamodzi ndi Jenala anali atasiya: wina anasamukira Kumtunda, wina anakwatira msuweni wake kuti apume.

"Mayi Mwinimlendo," anatero a Nduna, "komiti yanga yawerenga makalata anu onse mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Yaona zithunzi zanu zonse. M'makalata onsewo mulibe liwu limodzi laukali. Pazithunzi zonsezo mukumwetulira nonse awiri. Ife a m'komiti tonse ndife apabanja, ena zaka makumi atatu. Ukwati timaudziwa. Umenewu si ukwati. Pempho lanu lakanidwa."

Jenala anayang'ana malume ake. Iwo ankayang'ana chidindo.

Sanalire mu ofesimo. Anakalirira kuseri kwa uvuni, komwe utsi unkamupatsa chonamizira. Masana omwewo a Khumbanyiwa anamupeza kumeneko, atavula jekete la boma n'kulikoleka paphewa.

"Tsopano ndabwera ngati malume ako," anatero. "Ukhoza kudandaula kwa amfumu. Mlandu ukamvedwa padoko, poti mwamuna wako sangadutse mzere. Koma usakapite ndi chikondi. Chikondi chakulephera kale. Mukakangane."

"Tikangane za chiyani? Sitikhala limodzi."

"Pezani kanthu. Ine ndi azakhali ako tinayamba ndi mchere."

Jenala anachita monga ankachitira ndi chofunika chilichonse cha boma. Anakhala pansi n'kulemba mkangano wonse papepala, mawu ake ndi mawu a Lapukeni, n'kuukopera kawiri. Loweruka anapereka pepala limodzi kudutsa mzere.

"Muloweze pamtima, bambo a Yankho. Pamene ndalemba mzere kunsi, mukweze mawu."

Lapukeni anawerenga pepalalo mpaka pansi, analipinda, n'kuliika m'thumba. Jenala sanaone nkhope yake, chifukwa ankayang'ana uku ndi uku kufuna wojambula.

Loweruka lotsatira mpando wachifumu unanyamulidwa kupita padoko. Mfumu inakhala pansi pa ambulera, nduna zinandandalika kumbuyo kwake, a Khumbanyiwa anakhala pakatebulo ndi fayilo ndi chidindo. Msika wonse unatsikira komweko. AnaNasibeko anabwera ndi anyezi wawo, poti khamu ndi khamu. Mfumu inalankhula kwa ola limodzi za kukula kwa mtima wake poyerekeza ndi kukula kwa chisumbu, kenaka inati odandaula ayambe.

Jenala anapereka mwana kwa anaNasibeko, n'kuima moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Bambo a Yankho," anayamba ndi mawu a mwana wa sukulu wonena ndakatulo, "inu mumathira mchere wambiri m'ndiwo."

A Nduna anayasamula. "Mchere," anauza mnzawo. "Onse amayamba ndi mchere."

Papepala, Lapukeni amayenera kuyankha kuti mkazi wake ndiye sathira n'komwe. Koma iye anayang'ana Jenala nthawi yaitali.

"Mukudziwa bwanji mmene ndimathirira mchere, mayi a Yankho? Munadyapo liti ndiwo zanga?"

"Si mmene tinagwirizanirana," ananong'ona Jenala.

"Ndatopa nazo zogwirizana." Lapukeni sanakweze mawu. "Zaka ziwiri ndakhala ndikukwera boti ili. Ndikatsika, mawu anu oyamba amakhala akuti ndikonze kolala, wojambula akubwera. Sabata imene anamwalira achimwene anga ndinabwera maso ali ofiira. Munati ndimwetulire, nkhope yokwinya ingationongere fayilo. Ndinamwetulira. Chithunzicho chili m'menemo. Simunandifunse n'komwe kuti maliro anayenda bwanji."

A Khumbanyiwa anayamba kumasula chingwe cha fayilo kuti atsimikize, koma ataona nkhope ya Jenala anasiya.

Pepala limene Jenala anali atafumbata analiiwala.

"Ndiye mumafuna nditani? Inu mumabwera mutasamba, kunyamula mwana maola atatu, akayamba kulira n'kundibwezera. Ine ndimakanda ufa ndekha, kutembenuza amayi pamphasa ndekha, kuima pamzere wa ofesi ndekha. Ndinabereka ndekha. Kuchipatala anandifunsa dzina la bambo wa mwana, nditatchula anati, ‘Oo, uja wa padoko uja.’ Mukuganiza kuti ndimasangalala kulemba ‘wokondedwa wanga’ ndikudziwa kuti woyamba kuwerenga ndi malume?"

"Ndinakuuzani kuti mubwere Kumtunda. Kumeneko palibe amene akanakuyezani bedi."

"Amayi ndiwasiyire ndani? Chidindo?"

"Ndiye kuti ine ndine wachitatu. Amayi anu, uvuni wanu, kenaka ine."

"Wachinayi. Mwaiwala mwana."

Mwa anthu munamveka kung'ung'udza kwa akazi ovomereza. Jenala sanamve.

"Ndipo poti tayamba, ndiuzeni. Amakusitirani malaya ndani? Kolala imeneyo si dzanja la mwamuna. Chaka chonse ndakhala ndikuiyang'ana."

"Ndimasita ndekha. Ndinaphunzira chifukwa cha zithunzi zanu zomwezo." Lapukeni anakoka kolalayo. "Makina anga owotcherera ndinawamanga m'bokosi sabata imene munachoka. Ntchito zazikulu ndimakana, poganiza kuti mwezi wamawa ndisamuka. Anzanga amanditcha Pafupifupi. Ndipo ndikafika kuno, mkazi wanga sandiona ine, amaona tsamba la fayilo. Mwina a Nduna akunena zoona. Mwina palibe ukwati apa."

Mawuwo atatuluka, iye mwini anaoneka kuti wadzidzimuka nawo. Jenala anaima ngati wamenyedwa mbama. Misozi inatsika, ndipo ulendo uno panalibe utsi woti anamizire.

"Ngati palibe," anatero motsitsa, "boti likunyamuka 3 koloko. Kwerani."

Madzi ankamenya mizati ya doko. Kenaka kumbuyo kwa mpando wachifumu kunamveka munthu akumina, ndipo anali a Nduna Mpiringidzo, mpango uli kumaso.

"Amfumu, mundikhululukire," anatero. "Mawu aja akuti ‘kwerani’, ndi mmene anawatsitsira. Akunyumba kwanga anandiuza chimodzimodzi chaka chimene tinamanga khitchini. Zimenezi munthu sangapeke. Komiti yanga ikuchotsa chikaiko chake chonse."

Nduna zina zinagwedeza mitu, iliyonse ikukumbukira zake. Mfumu inaimirira, zomwe sizinasinthe kwambiri msinkhu wake, n'kulengeza kuti m'mbiri yonse ya Tilitokha sikunaonekepo ukwati wotsimikizika chotere, ndipo kuti ichi chinali chipatso cha lamulo lanzeru. Inanong'oneza a Khumbanyiwa mawu ena oti awonjezere kunsi kwa chiphaso. Chidindo chinagunda. Nduna zinaomba m'manja.

Awiriwo sanaombe. A Khumbanyiwa anachita kumufumbatitsa Lapukeni chiphasocho m'manja.

Boti linaliza hutala. Lapukeni anayang'ana boti, anayang'ana pepala, anayang'ana mkazi wake.

"Ndikwere?" anafunsa.

Jenala anatenga mwana kwa anaNasibeko, anamubereka kumbuyo, anamanga chitenje mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira, n'kuyamba kukwera njira ya kumsika. Atayenda mapazi khumi anaima, osatembenuka.

"Thumba la ufa lili apolo labwera ndi boti lomweli. Ndilibe wondinyamulira."

Lapukeni anaika chiphaso m'thumba la malaya, anasenza ufawo paphewa, n'kutsatira. Ufa unamuyeretsa kolala yonse. Anthu anapatuka kuwapatsa njira, ndipo palibe amene anadziwa ngati ayenera kuimba nthungululu kapena kupepesa. Wojambula anakweza kamera yake, anaNasibeko anamutsitsa dzanja.

"Zasiya kufunika," anamuuza. "Kajambuleni a Nduna, akadali kulira."

Kunyumba Lapukeni anatula thumba pafupi ndi uvuni. Analowa kukagwada pafupi ndi mphasa ya apongozi ake, omwe anali asanawaonepo, poti ku ukwati sanathe kuwoloka. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena ndi pakamwa pawo popotoka kuti ndi wamfupi kuposa pazithunzi. Atatuluka anapeza Jenala atakhala pachitsa, akupala mtanda wouma palata. Anakhala pa njerwa, patali pang'ono. Yankho ankayenda dzandidzandi pakati pawo, kudabwa kuti bambo wa padoko akutani kwawo.



"Zimene munanena zija," anatero Jenala, maso ali palata, "munanena zoona?"

"Zambiri. Zomalizira zija ayi."

"Inenso. Zomalizira zija ayi." Anapala pang'ono. "Maliro a alamu anayenda bwanji?"

Lapukeni anamuuza. Ananena za mvula imene inagwa akukumba manda, za ana atatu amene anatsala, za mmene anaimira yekha pamene anzake onse anali ndi akazi awo pambali. Jenala anasiya kupala n'kumvetsera mpaka kumapeto. Lapukeni atamaliza, Jenala anatunga madzi m'kapu n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Tatulutsani pepalalo tione," anatero kenaka.

Anawerenga limodzi, mitu itayandikana. Kunsi, m'zolemba za a Khumbanyiwa, munali mawu owonjezera a mfumu. Chiphasocho chinali cha miyezi isanu ndi umodzi. Kuti chiwonjezeredwe, Mwinimlendo ndi mlendo wake ankayenera kukaonekera pamaso pa komiti mwezi wa Epulo ndi wa Okutobala, kwa zaka zisanu, n'kukangana. Mkangano wobwereza sudzalandiridwa.

"Mikangano khumi," anatero Lapukeni. "Yatsopano yokhayokha. Tikaitenga kuti?"

Jenala anayang'ana nsapato zamatope za mwamuna wake, zomwe anali atalowa nazo m'nyumba mwa apongozi ake osavula, ndi mapazi amene zinasiya pakhonde lomwe iye anakolopa m'mawa.

"Musadandaule, bambo a Yankho," anatero. "Sitinakhalepo nyumba imodzi kupitirira sabata zitatu. Wa Okutobala ndaupeza kale."